Basela Amene Ndinapatsa Apongozi Anga

Ana inu, kachitsulo kamene munakapeza m'bokosi langa sabata yatha, kamene Zeka wakhala akukakoka ndi chingwe pabwalo kuti katole misomali, si choseweretsa. Sindinakulandeni pamaso pa anzanu chifukwa kukalipa sindikudziwa, ndipo agogo anu aakazi ananena kale kuti munthu amene amapepesa nkhuku akaiponda sangaphunzire ukali atamera imvi. Luwisa anandifunsa kuti mabowo asanu ndi limodzi ali pakachitsuloko ndi a chiyani. Ndinati ndidzamuuza, kenaka ndinanyamuka kukaona mbuzi zimene sizinkasowa kanthu. Pakamwa nkhani imandithawa. Ndiye ndailemba kuti muwerenge nokha, ndipo wofuna kuseka aseke ine ndili kumunda.

Inu munabadwa msewu uli kale ndi njinga zamoto. Ife tinabwerera kuchokera ku Zambia pa lole nkhondo itatha, tinadutsa malire pa Cassacatiza titakhalira mitolo yathu. Ndinali wamkulupo pang'ono kuposa mmene alili Zeka lero. Kuno kufupi ndi Nsadzo mudzi sitinaupeze. Tinapeza mitengo ya mango yokha, ndipo akuluakulu ankaloza kuti mtengo uwu ndi wa uje, ndiye kuti khomo lake linali apa. Chaka choyamba tinkayenda mondondozana, aliyense kuponda pamene waponda mnzake, poopa mabomba okwirira. Tinkadya ufa wachikasu wa thandizo, mango aawisi ophika, ndi nyemba zina zouma mutu zimene zinkatha mtolo wa nkhuni zisanafewe. Inu mukakana nyemba za amayi anu kuti mulibe mafuta, ine ndimangokuyang'anani.

M'njala imeneyo ndi mmene amayi anga anandiphunzitsira ulemu wa mbale. Munthu akabwera kudzapempha ufa, sumupatsa mbale yosalaza. Umaunjika, kenaka nkuwonjezerapo kadzanja, basela. Wamkulu akakufunsa kuti nkhokwe yafika pati, umaloza pamwamba pang'ono pa pamene chimanga chalekezera. Wodwala akafunsa mmene akuonekera, umati lero nkhope yabwerako. Palibe amene ankati limeneli ndi bodza. Anthu amene ataya zonse amakhalira kuwonjezerana timawu ndi timanja totere, ndipo ine ndinaziphunzira bwino kuposa masamu. Sukulu yathu inali pansi pa mtengo, ndinalekezera kalasi yachisanu. Aphunzitsi ankandikonda pa zinthu ziwiri: zolemba zanga zinali zaukhondo, ndipo sindinkafunsa mafunso.

Nditakwatira agogo anu ndinakakhala kwawo, pachikamwini, pamudzi pano. Amayi awo anali a Nambewe. Inu munawadziwa ali nkhalamba yoseka, yokhala nane pamphasa imodzi nkumanditola mawu. Poyamba sizinali choncho. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso. Tikakumana panjira ine ndinkalowa m'tchire, iwo nkutembenukira kwina, moni nkumapatsana ngati tikulonjera mitengo. Mawu ofunika ankadzera mwa mkazi wanga. Anyamata ena mwambowu unkawalemera. Ine unkandikomera, chifukwa unali mwambo wokhawo umene unkalamula munthu kuchita zimene ndinkachita kale. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala pamudzi pawo, mwana wathu woyamba Rozina, amayi ako iwe Luwisa, anabadwa nkuyamba kuyenda, koma nkhope ya a Nambewe ndinkaidziwa chammbali basi.

Amuna awo ankachita malonda kumalire. Anadwala chaka chathunthu, kuonda mpaka kutha, nkumwalira. Pawailesi matendawo ankawatchula kuti Sida. M'mudzi tinkangoti matenda aja.

Nthawi imeneyo ndinali nditapeza ntchito yosesa ndi kutsuka pa kachipatala kena kakang'ono, ulendo wa maola atatu panjinga. Ndinkagona komweko, kumudzi nkumabwera Loweruka. M'chipinda choyezera magazi munali a Kandido, tekiniko, katswiri woyeza magazi, wochokera ku Tete, munthu wamtali wosakonda kulankhula. Anaona kuti miyezi inayi ndatsuka magalasi awo osaswa ngakhale limodzi. Tsiku lina anangondikokera mpando nkunena kuti khala apa, uone. Maphunziro anga a ntchitoyi anayamba choncho.

Kachilombo ka matenda aja kamapha asilikali a m'magazi, tizinthu tamoyo tating'onoting'ono timene timateteza thupi. Kuti adziwe mmene munthu wafookera, amawerenga asilikali amene atsala. M'mizinda ikuluikulu munali makina owerengera, ofuna magetsi osazima ndi chipinda chozizira. Ife tinali ndi firiji ya parafini imodzi, ndipo magazi tikati tiwatumize kutali ankafika ataphikidwa ndi dzuwa. Ndiye kunabwera njira ya amphawi, imene kachitsulo ka Zeka kanali mtima wake.

Munali kabotolo ka madzi ofiirira ngati dothi la pachulu losungunula. M'madzimo munali timikanda tachitsulo tosaoneka ndi maso, topakidwa mankhwala amene amamatirira asilikali okhawo, zina zonse za m'magazi ayi. Tinkathira timadontho ta magazi m'kabotolo kowonda kotchedwa tubo, nkuwonjezera timikanda tija. Kenaka tubo ankafunika kuzungulira pang'onopang'ono kwa mphindi khumi kuti timikanda tikumane ndi asilikali. Kamakina kozunguzira kanafa mwezi woyamba. A Kandido anagadabuza njinga yanga, kumangirira matubo kumasipoko ndi mphira, nkundiuza kuti ndizizunguza gudumu ngati ndikugoneka mwana. Odwala ankasuzumira pazenera nkumafunsana ngati chipatala chayamba kukonza njinga.

Akatha kuzungulira, matubo tinkawaimika m'mabowo asanu ndi limodzi aja. Mkati mwa kachitsuloko muli maginito, monga a m'wailesi yakufa amene mumatolera mchenga wakuda kumtsinje, koma amphamvu kuposa. Ukadikira pang'ono unkaona kamzere kofiirira kakuunjikana kukhoma kwa tubo. Amenewo anali asilikali, atakokedwa ndi timikanda tawo. Zotsalazo tinkazimwa ndi kapaipi nkutaya, kutsuka katatu, monga mmene amayi anu amapetera mphale, gaga kuuluka, zenizeni kutsala m'lichero. Pomaliza tinkathira utoto, nkudonthezera pagalasi lochindikala lolembedwa timabwalo tamakona anayi, nkuliika pa mikorosikopiyo, chida choonera zinthu zazing'ono. Yathu inalibe nyale. Inali ndi kalilole wotola dzuwa pazenera, choncho kuwerenga kunali kwa mmawa, ndipo tsiku la mitambo a Kandido ankakhala okwiya ndi kumwamba.

M'diso la chidacho asilikali ankaoneka ngati timadontho ta nthudza titamwazika. Kudzanja tinkagwira kachitsulo kena kowerengera, kolira kete, kete, ukakadina. Lamulo a Kandido anandiuza kamodzi: amene wakhudza mzere wa kumtunda kapena wa kumanzere, werenga, amene wakhudza wa kumunsi kapena wa kumanja, siya, ndi wa bwalo linalo. Kadontho kosweka kapena kokayikitsa, siya. Ndinalisunga lamulolo bwino lomwe, moti patapita miyezi ingapo anasiya kubwereza magalasi anga.

Chimene sanandiuze ndi ntchito ya nambala imene tinkapeza. Ine ndinkangoona zotsatira zake pakhonde. Wopezeka ndi asilikali ambiri ankatuluka kwa anamwino akumwetulira. Wopezeka ndi osakwana mazana awiri ankalembedwa m'buku lina lachikuto chofiira, ndipo ambiri ankatuluka akupukuta maso. Anthu a pamzere analitcha buku la opita. Ankati ukalowamo ndiye kuti akuchipatala akukuwerengera matabwa a bokosi. A Kandido sanali munthu wofotokoza, ine sindinali munthu wofunsa. Ndinakhulupirira za pamzere.

Mmawa wina, mango atayamba kupsa, mvula yoyamba itagwa, ndikutaya madzi kuseri, ndinaona nsalu ya mpendadzuwa pamzere. Ndinaidziwa chifukwa ndinagula ndine, nkupatsira mkazi wanga kuti akapereke kwa amayi ake. A Nambewe anali atauza anthu kuti akupita kukaona achemwali awo. Ndinabwerera m'chipinda chathu chammbuyo osaonedwa. Matubo ankabwera ndi manambala, osati maina, koma ndinali nditawerenga kuti iwo ndi achinayi pamzere, ndipo matubo anabwera mwa ndondomeko yomweyo. Ndinafuna kupempha a Kandido kuti wachinayiyo awerenge okha. Ndinatsegula pakamwa, iwo anandiyang'ana, ndinafunsa ngati akufuna madzi.

Nditaika diso pagalasi lawo ndinaona mabwalo ambiri ali mbee. Ndinawerenga koyamba motsata lamulo, ndipo nambala inaima pansi pang'ono pa mazana awiri. Ndinakhala ndikuiyang'ana. Awa anali amayi amene anandipatsa munda ndi mwana wawo, ndipo nthawi yoyamba imene chinthu chawo chinafika m'manja mwanga, ndinayenera kuwalemba m'buku la opita. Ndinabweza kachitsulo kolira kete kaja nkuyambanso. Wa mzere wa kumunsi, kete. Wa kumanja, kete. Kosweka, kete. Kachitsotso kamene mwina kanali fumbi, kete. Sindinganene kuti ndinaganiza zambiri. Dzanja linachita zimene linaphunzira pambale ya ufa. Nambala inakwera nkudutsa mzere, ndinailemba ndi zilembo zanga zaukhondo zija. Masana ndinawaona pazenera akutuluka, akuyenda mowongoka. Anamwino anali atawauza kuti thupi lawo likadali ndi mphamvu, adzabwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku limenelo ndinadya bwino.

Dzinja lonse ndinkamva za iwo kudzera mwa agogo anu. Amayi akutsokomola. Amayi atuluka zilonda m'kamwa. Amayi akana kupumula, alima ndime ina ya mtedza, akuti kuchipatala kwa achemwali awo anawayeza nkuwapeza ali bwino. Ine ndinkangoti ndi chifuwa cha mvula.

Mitsinje itaphwa kunabwera galimoto yoyera ndi makatoni. Anamwino anatulutsa buku lofiira lija nkuyamba kutumiza mauthenga kwa onse olembedwamo. M'makatonimo munali mankhwala otalikitsa moyo, oyamba kufika kwathu kuno. Anali ochepa, owerengera mutu ndi mutu, ndipo ankapatsidwa kwa okhawo amene asilikali awo anatsika pansi pa mzere uja. Buku la opita linali buku la otsala. Ine ndi dzanja langa ndinali nditawachotsamo a Nambewe.

Inu lero munthu akapezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala tsiku lomwelo, popanda womuwerengera asilikali. Mwina simungamvetse. Nthawi imeneyo nambala inali chitseko.

Masiku awiri ndinatsuka magalasi oyera kale. Lachitatu mmawa ndinaima kumbuyo kwa a Kandido mpaka anatopa nane nkufunsa chimene ndaswa. Ndinawauza zonse, maso ali pansi. Sanakweze mawu. Anafunsa ngati ndinachitapo zotere pagalasi lina, ndinati ayi. Anafunsanso, ndinati ayi. Anapita kwa anamwino, anakhalako nthawi, nkubwera.

"Ndinakuuza lamulo, chifukwa chake sindinakuuze," anatero. "Pamenepo ndinalakwa ndine. Koma chala chinali chako."

Anati m'buku muli malo amodzi otseguka, a bambo wina amene galimoto inamupeza ataikidwa kale. Lachisanu anamwino apereka malowo kwa wina. Nambala yakale singafufutidwe ndi pakamwa, pafunika magazi atsopano, a tsiku lomwelo. Kutumiza munthu wa kuchipatala kumudzi kukanakhala kulengeza matenda awo kwa aliyense. Kutuma mkazi wanga, monga mwa mwambo, sikukanatheka, chifukwa iye sankadziwa, ndipo chinsinsicho sichinali changa. Anati ndikawatenge ndekha, nkumasula matubo kumasipoko, kuimika njinga yanga nkundipatsa.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Kunyumba sindinadzere. Ndinawapeza okha kumunda wa mtedza, akukumba atakhala pansi, chifukwa kuima sankatha. Pakati pa mundawo panali chulu, chimene chilipo mpaka lero, pamene Zeka amatcherapo mbewa zosagwidwa. Ndinakhala kuseri kwake, nkhope nditalozetsa kutchire, nkutsokomola.

"Odi kumunda kuno."

Khasu linaleka. Anafunsa ngati Rozina wadwala. Ndinati ana ali bwino. Anafunsa ngati kuli maliro. Ndinati kulibe. Kenaka ndinanena mawu aatali kuposa onse amene ndinawauzapo m'zaka zisanu ndi chimodzi.

"Amayi, magazi anu aja ndinawerenga ndine."

Ndinamva khasu likuikidwa pansi. 

"Mkazi wanu akudziwa?"

"Sindinauze munthu wa pamudzi."

"Nanga mwabwera ndi chiyani?"

Ndinafotokozera chulu zonse: timikanda, maginito, timabwalo, mzere wa kumunsi ndi wa kumanja umene sitiwerenga, buku lofiira, makatoni, Lachisanu. Anamvetsera osandidula. Nditatha anafunsa pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna kumvetsa malire a munda.

"Ndiye kuti mphamvu zija anandiuza anamwino, zina zinali zanu?"

"Zinali zanga, amayi."

"Basela."

"Basela, amayi."

Ndinamva kakuseka kamene kanathera m'chifuwa. Atapuma anati, "Ine ndimadabwa kuti munthu wa asilikali ochuluka chotere akulephera bwanji kusenza ndowa. Ndinafika podzitcha waulesi, bambo a Rozina. Ndime iyi ndinalima podzilanga."

 

Anafunsa ngati njingayo ili ndi pokhala kumbuyo. Ndinati pali. Tonse tinadziwa vuto lake. Ulendo wa maola atatu sakanauyenda pansi, ndipo mkamwini sanyamula apongozi ake amene sanamasukirane nawo. Kumasukirana kunali ndi njira yake: akuluakulu kukhalapo, nkhuku kuperekedwa, mawu kunenedwa. Zimenezo zikanatenga sabata ndi mafunso ambiri. Ndikuganiza zimenezi ndinamva chinthu chikugubuduka m'mapesi. Dzungu laling'ono linazungulira chulu nkudzaima pa phazi langa.

"Nkhuku ndilibe pano," anatero. "Tolani limenelo. Mwalandira changa. Tsopano tembenukani mundione, ndipo muwerenge bwino."

Ndinatola dzungulo, ndinazungulira chulu, ndinawayang'ana. Aka kanali koyamba. Masaya anali atalowa, milomo ili ndi zilonda zoyera, nsalu ya mpendadzuwa itawazungulira kawiri. Anali ndi maso a agogo anu, zimene sindinkadziwa. Anandifunsa kuti akuoneka bwanji. Mawu akuti nkhope yabwerako anafika okha pamilomo panga, okonzeka, monga anafikira nthawi zonse. Iwo anangodikira.

"Mwatha, amayi," ndinatero. "Mwatha kwambiri."

"Eya," anati. "Mawa m'bandakucha mudzandipeze pamtengo wa mango wa kunjira."

Madzulo omwewo anamuitana mwana wawo nkumuuza okha. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Agogo anu anangondipatsa nsalu yoti ndiyale pokhala panjinga, ndipo sanandilankhule masiku anayi.

Ulendowo tinapuma kasanu. Anthu amene tinakumana nawo ankapatuka okha kulowa m'tchire, kutichitira manyazi amene ife tinali titawasiya kumunda. Panjira yonse a Nambewe analankhula kamodzi, kundiuza kuti ndimapalasa ngati ndanyamula mazira, ndifulumire dzuwa lisanachoke pazenera lija ndinanena.

Magazi anatengedwa, gudumu ndinazunguza ndine, njinga ikadali ndi fumbi la kwathu. Kamzere kofiirira kamene kanaunjikana pamaginito kanali kowonda ngati ulusi. Ndinaganiza kuti a Kandido awerenga okha, koma anandikokera mpando. Ndinawerenga motsata lamulo. Sizinatenge nthawi, munalibe ambiri owerenga. M'miyezi imene ndinawapatsa basela, asilikali anali atatsika kufika pansi pa theka la amene ndinawapeza poyamba paja. A Kandido anabwereza, nambala zathu zinagwirizana, ndipo dzina la a Nambewe linalembedwa m'buku lofiira, pansi pa dzina lokhwatchidwa la bambo amene sindinamudziwe. Amene akanalandira malowo Lachisanu sindinamudziwenso. Anadikira galimoto yotsatira. Ngati anafika nayo kapena ayi, sindinafunse, ndipo limeneli ndi funso limodzi limene ndimadandaula kuti sindinafunse.

Ntchito sanandichotse. Chaka chathunthu a Kandido ankabwereza galasi langa lililonse. Anayambanso chinthu chimene sichinali khalidwe lawo: mmawa uliwonse ankatuluka pakhonde, kukweza buku lofiira mmwamba, nkuuza anthu a pamzere ntchito yake m'Chichewa chawo chopindika cha ku Tete. Patapita zaka kunabwera kamakina konga wailesi, kowerenga kokha kuchokera ku dontho la pachala. Timikanda tinasiyidwa, maginito aja anaponyedwa m'katoni ya zotaya. Ndinawapempha. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinapemphapo kuntchito.

A Nambewe miyezi yoyamba mankhwala anawazunguza, kenaka thupi linabwerera. Anaona Rozina akukwatiwa, anakunyamulani nonsenu. Mapiritsi awo ankameza pamaso panu, matenda awo sanawabise. Za basela zokha ndi zimene anati ndidzakuuzeni iwo atapita, chifukwa ankafuna kuziseka okha.

Mukukumbukira mmene ankagawira mtedza akakolola? Ankakhala pakhonde ndi dengu ndi mbale yawo yachitsulo, aliyense nkumabwera ndi nsalu yake. Kwa ana awo, kwa inu, kwa anansi, ngakhale kwa wodutsa, ankaunjika mbale nkuwonjezera kadzanja. Ikafika nthawi yanga ankadzaza mbale, kuisalaza ndi chala mosamala, kenaka nkuchotsa mtedza uwiri wa mmphepete nkuubwezera m'dengu. Iwe Luwisa unalirapo chaka china, kuti agogo aakulu amawamana agogo. Iwo anakuuza kuti wa kumunsi ndi wa kumanja sitiwerenga, ndipo iwe sunamve, unangoona ine ndikulandira ndi manja awiri.

Chaka chawo chomaliza manja ankanjenjemera, mbale inawavuta kusalaza, mtedza wanga unaunjikana pamwamba. Anaiyang'ana, nkundikankhira mbaleyo kuti ndimalize ndekha. Ndinasalaza, ndinachotsa uwiri.

Kachitsuloko mukabweze m'bokosi. Misomali imene katola, Zeka, ndi yako yonse.